Kambalame ka m'bango ka ku Madagascar ndi mbale wake wa ku Mpatsanjoka

Munthu amene anayendapo m'mamawa m'mbali mwa dambo la Mpatsanjoka pafupi ndi Senga Bay, kapena amene amalima mpunga ku Lifuwu, ayenera kuti anakaonapo kambalame kakuda bii, kocheperapo pa njiwa, ka mlomo wachikasu chobiriwirako, maso ofiira ndi miyendo yofiira, kamene kamatuluka m'bango n'kumayenda pamwamba pa masamba a kakombo kakugwedeza kamchira kake. Kakangomva mtswatswa sikauluka monga amachitira kakowa, koma kamawerama n'kuthamangira m'bango, ndipo ngakhale munthu ataima pomwepo theka la ola akhoza osakaonanso, n'kumangomva kulira kokhala ngati mbalame ziwiri zikulimbirana mawu. M'mabuku a mbalame kamalembedwa kuti black crake, ndipo kamapezeka m'madambo ambiri a mu Africa kumwera kwa chipululu cha Sahara. Palibe mlendo amene angakwere ndege kuchoka ku Ulaya chifukwa cha kambalame aka kokha.

Kuseri kwa dziko la Mozambique, ukaoloka nyanja yamchere imene pamalo popapatiza ndi makilomita pafupifupi 400, kuli chilumba cha Madagascar, ndipo m'bango la nyanja zingapo za kumadzulo kwa chilumbachi muli kambalame kena kamene mlimi wa ku Lifuwu atakaona angalumbire kuti ndi komwe kaja ka kwathu. Mlomo ndi wachikasu, maso ndi ofiira, miyendo ndi yofiirira, kutalika kwake ndi masentimita 19, ndipo kusiyana koonekeratu n'kwakuti msana wake ndi woderako ngati dothi la katondo pamene kumimba n'kotuwa. Dzina lake ndi Sakalava rail, potengera mtundu wa anthu amene amakhala m'chigawo chimenecho, ndipo akatswiri amakaika m'gulu limodzi ndi kathu kakuda kaja, gulu lotchedwa Zapornia. Kambalame aka ndiye anthu okonda kuona mbalame amakawonongera ndalama zambiri ndi masiku angapo a ulendo wovuta, n'cholinga choti akaone mwina kwa mphindi ziwiri zokha, chifukwa kunja kwa Madagascar kulibe, ndipo bungwe la dziko lonse loona za chilengedwe la IUCN limakawerengera m'gulu la zamoyo zimene zili pangozi yotha, poti timbalame takhwima tamtunduwu sitifika pa 1,000. Kuti munthu amvetse mmene abale awiri ofanana chonchi anasiyanirana tsogolo, ayenera kuyamba wadziwa khalidwe la banja lonselo.

Banja limeneli, limene akatswiri amalitcha Rallidae, lili ndi mitundu yoposa 130 imene ikadali ndi moyo, ndipo yambiri imakhala m'malo a lowe, m'bango, m'gumbwa, m'minda ya mpunga ndi m'maudzu a m'dambo. Thupi la mbalame zake ndi lopanika m'mbali ngati la nsomba, kotero kuti zimadutsa pakati pa mabango awiri osawagwedeza, ndipo zala zazitali zimazithandiza kuponda pamatope kapena pa zomera zoyandama osatitimira. Mapiko ndi aafupi. Galu akaivumbulutsa mbalame yotere imauluka mokakamizika miyendo ili lende, n'kugwera m'udzu pataliko pang'ono, ndipo woiona angaganize kuti siingafike ngakhale pa kachilumba ka Namalenje pochokera pagombe la Senga Bay. Komatu imodzi mwa izo, yotchedwa corncrake, imaswana ku Ulaya ndi mbali ina ya Asia, ndipo kumeneko kukayamba kuzizira imabwera mpaka m'maudzu a Malawi, Zambia ndi mayiko oyandikana nawo m'miyezi yathu ya dzinja, ikuuluka usiku. Kuyenda usikuko, pamodzi ndi kufooka kwa mapiko polimbana ndi mphepo, n'kumene kumachititsa kuti namondwe azizisocheretsa n'kukaziponya pa zilumba za pakati pa nyanja zikuluzikulu. Zikatera pamenepo sizisankha chakudya, pakuti tizilombo, nkhono, nkhanu, njere ndi mazira a mbalame zina zonse zimalowa, ndipo mbalame zochepa chabe zikhoza kuyambitsa mudzi watsopano.

Zikakhazikika pa chilumba, chotsatira chake chimakhala chodabwitsa. Aliyense amene anakonzapo njiwa akudziwa kuti nyama yambiri ili pachidale, ndipo minofu imeneyo, imene ndiyo imakupiza mapiko, imafuna chakudya tsiku ndi tsiku ngakhale mbalameyo itakhala osauluka. Pa chilumba chopanda vumbwe, nyenga kapena mphaka palibe chothawa, choncho mbalame imene yabadwa ndi chidale chochepa ndi miyendo yolimba ndiyo imapirira chilala, ndiyonso imasiya ana ambiri, ndipo mibadwo ikamalowana mapiko amatsala ongokongoletsa. Zimenezi zachitika mobwerezabwereza pa zilumba zosiyanasiyana, chilumba chilichonse pachokha, ndipo chitsanzo chomveka bwino koposa chili pafupi nafe, pa Aldabra, zilumba za dziko la Seychelles zimene zili kumpoto chakumadzulo kwa Madagascar ndipo zimadziwika ndi akamba akuluakulu pafupifupi 100,000. Mu 2019 akatswiri awiri a ku Britain, Julian Hume ndi David Martill, anasindikiza zimene anapeza atayerekeza mafupa akale a pa Aldabra. Mbalame ya banja lomweli ya pakhosi poyera yochokera ku Madagascar inafika pamenepo n'kusiya kuuluka, kenaka zaka pafupifupi 136,000 zapitazo madzi a m'nyanja anakwera n'kumiza chilumba chonse pamodzi ndi zamoyo zake zapamtunda. Madzi ataphwa, mbalame za mtundu womwewo zinabweranso kuchokera ku Madagascar, ndipo zinasiyanso kuuluka kachiwiri. Zidzukulu zake zilipo lero, ndipo ndiyo mbalame yokhayo yosauluka imene yatsala pa zilumba za chigawo chino cha nyanja ya Indian.

Pali mfundo imodzi imene anthu ambiri amaiphonya akamva kuti mbalame za pa zilumbazi ndi zobisala. Ya pa Aldabra siibisala konse, ndipo imabwera kudzajompha zingwe za nsapato za ofufuza, chifukwa makolo ake sanaphunzirepo mantha. Zinzake zambiri zinali chomwecho, ndipo kupanda mantha kumeneko ndiko kunazitha. Amalinyero amene ankafika ku Mauritius m'zaka za m'ma 1600 analemba za mbalame yofiira yosauluka imene inkathamangira munthu akangokupiza nsalu yofiira, ndipo pofika cha m'ma 1700 inali itatheratu. Pa chilumba cha Wake, pakati pa nyanja ya Pacific, asilikali a Japan amene anatsekerezedwa popanda chakudya pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse anadya mbalame zamtunduwu zimene zinali pamenepo, ndipo chitadutsa chaka cha 1945 palibe anaionanso. Katswiri wa ku America, David Steadman, atafukula mafupa m'mapanga ndi m'midzi yakale ya pa zilumba za Pacific, analemba mu 1995 kuti mitundu ya mbalame mwina yokwana 2,000 inatha anthu atafika kumeneko ndi makoswe, agalu ndi nkhumba, ndipo yambiri inali ya banja lomweli. Anzake ena amati chiwerengerocho n'chokwera kwambiri, koma ngakhale iwowo amavomereza kuti inali mitundu mazanamazana.

Nkhani ya ku Guam, chilumba china cha m'nyanja ya Pacific, ndiyo imaonetsa liwiro limene mliri wotere umayendera. Nkhondo yachiwiri itangotha, njoka yoderako yokwera m'mitengo inafika pa chilumbachi itabisala m'katundu wa asilikali, ndipo poti kunalibe choidya inaswana n'kumaliza pafupifupi mbalame zonse za m'nkhalango. Mbalame yosauluka imene eni dziko amaitcha ko'ko' inachepa mwamsanga kotero kuti m'zaka za m'ma 1980 anagwira zotsala 21 n'kuyamba kuziweta m'makola, ndipo pofika 1987 kutchire kunalibe ndi imodzi yomwe. Ana ake anayamba kuwamasula pa chilumba cha Rota mu 1989 ndi pa kachilumba ka Cocos mu 2010, malo amene pa nthawiyo analibe njokayo, ndipo mu 2019 bungwe la IUCN linaichotsa m'gulu la zamoyo zotha kutchire. Inali mbalame yachiwiri m'mbiri kubwerera chotero. Pa Guam penipeni njoka ija ikadalipo.

Tikaika zonsezi pamodzi timaona kuti mbalame zamtunduwu zimene zatsala pa zilumba zokhalamo anthu ndi zija zimene zinasunga mantha a makolo awo, kapena zimene zimakhala m'malo amene munthu ndi galu wake amalephera kulowamo. Pa chilumba cha Halmahera ku Indonesia pali ina imene dzina lake la Chingerezi limatanthauza kuti yosaoneka. Anaifotokoza koyamba George Robert Gray mu 1860 kuchokera pa zikopa zimene Alfred Russel Wallace anatumiza ku London, ndipo imakhala m'madambo a migwalangwa ya sago yodzaza ndi minga, m'mene imalira ngati ng'oma. Mjeremani wina, Gerd Heinrich, amene anaisaka kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1930, anafotokoza kuti anayenda m'minga imeneyo milungu ingapo wopanda nsapato, ndipo chisa chake akatswiri anachiona koyamba mu 2010, patatha zaka 150. Ku Philippines, pa chilumba cha Calayan, mbalame ina yakuda ya mlomo wofiira inalowa m'mabuku mu 2004, Carmela Española ataiona m'nkhalango. Mabuku amati inatulukiridwa chaka chimenecho, koma anthu a pa chilumbapo anali nalo kale dzina lake, loti piding, ndipo ine ndimaona kuti mawu oti kutulukira amagwiritsidwa ntchito mowolowa manja kwambiri pa nkhani za mbalame, chifukwa nthawi zambiri amangotanthauza tsiku limene munthu wodziwa kulemba Chilatini, chinenero cha maina a sayansi a zamoyo, anafika pamalopo.

Ka ku Madagascar kaja sikali m'gulu la zosauluka, ndipo m'pomveka, popeza chilumbacho n'chachikulu ndipo chili ndi zilombo zakezake zodya mbalame. Anakapatsa dzina Guillaume Grandidier ndi Jacques Berlioz mu 1929, ndipo kataonedwa mu 1962 panadutsa zaka zoposa 30 popanda umboni wina wodalirika, mpaka mu 1995 pamene kanaonekanso pa nyanja ya Bemamba. Ofufuza amene anazungulira nyanja 36 za kumadzulo kwa dzikolo pakati pa 2003 ndi 2006 anakapeza pa nyanja zisanu zokha, ndipo imene alendo ambiri amapitako ndi Kinkony, imene inalowa m'ndandanda wa madambo otetezedwa ndi pangano la Ramsar mu 2012, monga momwe Chilwa ndi Elephant Marsh zilili kwathu kuno. Ulendo wake umayambira mumzinda wa Mahajanga, kumene munthu amaoloka mtsinje wa Betsiboka pamathiriro ake kupita ku Katsepy, kenaka n'kuyenda maola ambiri pa msewu wafumbi wodzera ku Mitsinjo umene nthawi ya mvula umavuta kudutsamo. Derali amaliyang'anira a bungwe la Asity Madagascar mogwirizana ndi midzi yozungulira, ndipo bungweli lili m'mgwirizano wa mabungwe oteteza mbalame wa BirdLife International, umene kuno ku Malawi umaimiridwa ndi bungwe losamalira nyama zakutchire ndi chilengedwe la WESM.

Kakhalidwe ka kusakako ndiko kangamudabwitse msodzi wa ku Chia kapena wa pamathiriro a Linthipe, chifukwa kali ngati ntchito yake yomwe. Mlendo amakwera bwato lofukula kusanache, ndipo amene amadziwa kumene kuli mbalame si mwini magalasi oonera patali koma bambo wopalasa bwato, amene amadziwa timikwaso ta m'bango, limene kumeneko amalitcha bararata. Kambalameka sikakhala m'bango lothinana paliponse, koma pamene bango lakumana ndi madzi oyera okhala ndi kakombo ndi zomera zina zoyandama, zimene kamazitembenuza ndi mlomo pofuna tizilombo. Bwato likafika pamalo otere nkhafi imaikidwa pansi mosagunda, onse amakhala chete, ndipo maso sayang'ana pamwamba pa bango monga amachitira wofuna nkhwazi, koma m'munsi mwenimweni pamene tsinde lalowa m'madzi, chifukwa chimene chimayamba kuoneka ndi mlomo wachikasu ukuyenda mumthunzi. Makutu amagwira ntchito kuposa maso. Wodziwa amayamba waloweza kulira kwa mbalameyo, ndipo masiku ano mawu a mbalame zambiri amapezeka pa intaneti, makamaka pa xeno-canto, pamene anthu amaikapo zimene ajambula. Magalasi amphamvu kwambiri sathandiza m'bwato logwedezeka pa mbalame imene ili mamita asanu, ndipo okuza kasanu ndi katatu amakwanira. Zovala zowala ndi kuloza ndi chala n'zimene zimathamangitsa mbalame zambiri kuposa kulankhula.

Pali njira yachidule imene imabweretsa mkangano pakati pa okonda mbalame, ndiyo kuliza mawu ojambulidwa pa foni kapena pa kasipika. Mbalame za banja limeneli zimateteza malo awo mwaukali, kotero kuti zikamva mnzawo akulira pakhomo zimatuluka kudzamuthamangitsa, ndipo zimene munthu akanadikira maola atatu zimachitika m'mphindi imodzi. Ofufuza amaigwiritsa ntchito powerenga mbalame zimene sizioneka, ndipo pamenepo sindiona cholakwa, popeza amabwera kamodzi pa nthawi yaitali. Vuto limakhala pamene magulu a alendo akulondolerana pa kamkwaso kamodzimodzi mlungu ndi mlungu, aliyense akuliza sipika pa banja lomwelo la mbalame, limene mwina lasiya mazira kuti likamenyane ndi mdani amene kulibe. Kwa kathu kakuda, kamene kali m'madambo a mayiko ambiri, chisa chimodzi chikalephera mtundu suzindikira. Kwa mtundu umene sufika pa 1,000 ndipo umaikira mazira awiri kapena kuposerapo pang'ono, chisa chilichonse n'chowerengeka, ndipo mlendo amene walipira ndalama zambiri ndiye amakhala wovuta kumuletsa. Bambo wopalasa bwato amakhala pakati, chifukwa mlendo akabwerera osaona mbalame malipiro amachepa, koma mbalame ikasamuka chaka chamawa sipadzakhala chomuonetsa wina.

Zimene zikuwononga bango la ku Kinkony ndi nyanja zinzake n'zodziwika kwa aliyense wa kuno ku Salima. Anthu a ku Madagascar amadya mpunga katatu patsiku ngati ulipo, ndipo malo abwino a mpunga ndi omwewo a m'mphepete mwa nyanja pamene madzi amaphwa m'chilimwe, choncho bango limatenthedwa ndi kuzulidwa kuti papezeke minda, lina limadulidwa kuti likamange nyumba ndi mipanda, ndipo maukonde ndi mabwato zimalowa mpaka m'malo oswerana. Palinso nsomba za mtundu wa makumba ndi chilunguni zimene anazibweretsa pa chilumbachi m'zaka za m'ma 1950. Alimi a nsomba kuno amakonda chilunguni chifukwa chimadya masamba, koma khalidwe lomwelo akatswiri amaliganizira kuti lachepetsa zomera zoyandama zimene kambalameka kamadyerapo. Sindinganene kuti mlimi amene watentha bango kuti adyetse ana ake ndi woipa mtima, popeza ndi zomwe timachita m'madambo athu chaka ndi chaka. Kusiyana n'kwakuti bango la Mpatsanjoka likapsa, kambalame kakuda kamasamukira ku Lifuwu, ku Chia kapena ku Mozambique, ndipo mvula ikagwa tina timabwera kudzalowa m'malo, pamene ka ku Madagascar kali ndi nyanja zowerengeka zokha. Chimene chathandizako kumeneko ndi malamulo a m'midzi ndi miyambo yoletsa, imene eni ake amaitcha fady, ndipo wa ku Salima sangavutike kuimvetsa, poti pa chilumba cha Mbenji ulamuliro wa mfumu yaikulu Makanjira umatseka usodzi kuyambira Disembala mpaka Epulo ndipo asodzi amamvera.

Wina angafunse chifukwa chake zilumba za nyanja yathu, monga Maleri, Nankoma, Nakantenga kapena Mbenji, zilibe mbalame yakeyake yosauluka. Zili pafupi kwambiri ndi mtunda, kotero kuti mbalame za pa chilumba ndi za kumtunda zimasakanikirana nthawi zonse, ndipo zilinso ndi adani, monga ng'azi zimene zinapatsa Namalenje dzina lake la Chingerezi loti Lizard Island. Koma zomwe zinachitikira mbalame pa Aldabra ndi pa Guam zinachitikira nsomba pansi pa madzi athu. Mbuna siikonda kuoloka mchenga kapena madzi akuya, choncho miyala yozungulira chilumba chilichonse ili ngati dziko palokha, ndipo mitundu ina imapezeka pa Maleri kapena pa Mbenji pokha. Ichi n'chimodzi mwa zifukwa zimene paki ya Lake Malawi, imene zilumba za Maleri zili m'kati mwake, inalowera m'ndandanda wa UNESCO wa malo ofunika pa dziko lonse mu 1984, patangopita zaka ziwiri Aldabra italowamo.

Amene akufuna kuphunzira luso losaka mbalame zobisalazi sayenera kuyamba ndi pasipoti. Dziko lathu lili ndi mitundu ya mbalame pafupifupi 650, ndipo kambalame kakuda kaja ndiko kosavuta kuona m'banja lonse, poti kamayenda masana, nthawi zina kamakwera pamsana pa mvuu kukajompha tizilombo, ndipo ana ake okulirapo amathandiza makolo kudyetsa ang'ono awo. Tinzake tobisala kwambiri timabwera ndi mvula, dambo likadzaza ndipo udzu ukatalika, pakati pa Disembala ndi Malichi, nthawi imenenso ng'ona zimayenda m'madzi osefukira, kotero kuti kuima pamtunda wouma kapena kukhala m'bwato la munthu wodziwa malowo n'kwanzeru kuposa kulowa m'madzi. Chimene munthu waona akhoza kuchilemba pa eBird, kaundula amene anayambitsidwa mu 2002 ku yunivesite ya Cornell, potchula tsiku, malo, nthawi ndi chiwerengero, ndipo mwezi wa Januwale ndi umene mayiko ambiri amawerengera mbalame za m'madzi. Ku Kinkony kalendala ndi yosiyana, chifukwa alendo ambiri amapitako pakati pa Seputembala ndi Novembala, msewu wa ku Mitsinjo ukadali wouma ndipo madzi ataphwa mokwanira kuti m'munsi mwa bango muzioneka.